Bodi Ikapsa ku Chitala: Kufomata Kapena Kusiya Windows Mmene Ilili?

Pa mafunso onse amene mwini kompyuta amakumana nawo makina ake akawonongeka, pali limodzi limene kawirikawiri limayankhidwa mofulumira ndi munthu wina osati mwiniwakeyo, ngakhale kuti yankho lake limatha kupulumutsa kapena kutaya ntchito ya zaka zambiri. Funsoli limabuka pamene bodi kapena pulosesa yasinthidwa, ndipo ndi lakuti: kodi Windows ifufutidwe n'kuikidwanso mwatsopano, kapena disiki yakale ingolumikizidwa ku zipangizo zatsopanozo n'kupitiriza ntchito? Bodi, imene akatswiri amaitchula kuti motherboard, ndi chimbale chachikulu chophwatalala cha m'kati mwa kompyuta, pamene zipangizo zina zonse zimalumikizidwa ndi kulandirira mphamvu ya magetsi. Pulosesa ndi kachipangizo kamene kamachita masamu onse a makinawo. Disiki ndi mosungiramo mafayilo ndi mapulogalamu. Ndipo Windows ndi pulogalamu yaikulu ya kampani ya Microsoft imene imayendetsa zonsezi, mtundu wa pulogalamu umene ambiri amangoutchula kuti sisitimu. Choyenera kumveka poyambirira n'chakuti Windows pamodzi ndi mafayilo a munthu sizikhala pa bodi koma pa disiki, kotero kuti bodi ikapsa, disikiyo nthawi zambiri imatsala ili bwinobwino ndi zonse zimene zinali m'menemo.

M'maiko olemera funsoli limafunsidwa makamaka ndi anthu amene akufuna zipangizo zamphamvu kuposa zimene ali nazo, amene amasankha okha tsiku losintha, ndiponso ali ndi intaneti yosawerengera. Ku Chitala, m'boma la Salima, m'chigwa chotentha cha m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, nkhaniyi imafika mwa njira ina, chifukwa bodi sisinthidwa kawirikawiri pofuna liwiro. Imasinthidwa chifukwa yakale yafa mosachenjeza. Deralo limadziwika ndi malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi a Chitala Research Station, amene ali pansi pa nthambi ya kafukufuku mu unduna wa zamalimidwe pamodzi ndi malo ena monga Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo ndi Makoka ku Zomba, ndipo dzina la Chitala linaperekedwa ngakhale kwa mtundu wina wa mtedza umene unavomerezedwa mu 2005 kuti alimi azidzala. Kupatula kwa ofufuza, makompyuta m'dera ngati ili amapezeka m'maofesi a sukulu, m'zipatala zing'onozing'ono, m'mipingo, kwa alangizi a zaulimi, ndi kwa achinyamata amene amataipa makalata, kusindikiza zikalata ndi kuika nyimbo m'mafoni pa malo a malonda. Ambiri mwa makinawa anagwirapo kale ntchito kunja asanafike m'dziko muno, ndipo ndi a mitundu monga Dell, HP ndi Lenovo.

Zimene zimapha bodi m'derali n'zodziwika. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala imabwera ndi mphenzi, ndipo mphamvu ya mphenzi imatha kulowa m'nyumba kudzera mu mawaya a magetsi ngakhale itagwa patali. Kuthimathima kwa magetsi nako kumafooketsa makina, makamaka pa nthawi imene magetsiwo akubwerera ndi mphamvu yosakhazikika. Dziko lonse linaona kukula kwa vutoli pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo ngakhale boma la Salima lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka, amene anatsegulidwa mu Novembala 2021, magetsi ake amalowa mu mawaya a dziko lonse, kotero sateteza ofesi ya ku Chitala ku zovuta zimene mawayawo angakumane nazo. Kenaka pali kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi la m'chilimwe. Mmisiri akatsegula bokosi la kompyuta imene yakhala zaka zingapo m'ofesi ya mawindo otsegula, amapeza fumbi litaundana m'mapiko a fani mpaka faniyo kumazungulira movutikira, phala lotuwa limene limapakidwa pakati pa pulosesa ndi chitsulo choziziritsira litauma gwaa n'kung'aluka, timigolo ting'onoting'ono tosunga magetsi totchedwa makapasita titafufuma pamwamba, ndipo nthawi zina mavu atamanga kanyumba kawo ka dothi pakona.

Makina otere amanyamulidwa pa kabaza kapena pa minibasi kupita kwa mmisiri ku Kamuzu Road m'tauni ya Salima, kapenanso ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oyandikira 100, ndipo kumeneko chizolowezi chofala n'chakuti bodi ikangosinthidwa disiki ifomatidwe. Kufomata ndiko kufafaniza kaundula wa zonse zimene zili pa disiki kuti ikhale ngati yopanda kanthu, kenako n'kuikamo sisitimu yatsopano. Chizolowezichi chili ndi zifukwa zake zomveka: mmisiri amene ali ndi flashi yoikira Windows amamaliza ntchitoyo pa ola limodzi kapena awiri, makina amaoneka opepuka pobwezedwa, ndipo kasitomala sabwereranso kudzadandaula za zovuta zosadziwika gwero lake. Koma ubwino wa njirayi umagwera kwambiri mmisiri, pamene mtengo wake umagwera mwini makina, amene nthawi zina safunsidwa n'komwe, kapena amangofunsidwa mwachidule ngati m'makinamo muli zofunika, iye n'kuyankha asanakumbukire theka la zimene zilimo. Mfundo imene nkhani ino ikuimapo ndi yakuti pa makina a masiku ano kufomata kuyenera kukhala njira yomalizira, yotengedwa pokhapokha njira zina zitayesedwa ndiponso mafayilo atakoperedwa kwina.

Kumene lamulo lakale linachokera

Lamulo lakuti bodi yatsopano imafuna Windows yatsopano silinangobadwa lokha, ndipo pa nthawi yake linali loona. Kuti Windows ilankhulane ndi chipangizo chilichonse imadalira timapulogalamu totchedwa madalaivala, ndipo chipangizo chilichonse, kaya n'chotulutsa mawu, cholumikizira intaneti kapena chowerengera disiki, chili ndi dalaivala wakewake. Mu Windows XP, imene inatuluka mu 2001, sisitimu inkasankha madalaivala ofunika poyatsa makina pa tsiku limene ikuikidwa, n'kumamatira ku chisankhocho. Ikasamutsidwira pa bodi imene chowerengera disiki chake n'chosiyana, inkalephera kupeza ngakhale disiki imene iyo yomwe ikukhalamo, n'kuonetsa sikirini yabuluu yokhala ndi nambala ya 0x0000007B. Amisiri ambiri amene lero akuphunzitsa anzawo anaphunzira ntchito m'nthawi imeneyo ndi m'nthawi ya Windows 7 ya mu 2009, imenenso inkavuta chimodzimodzi, ndipo n'zosadabwitsa kuti phunziro limene linawapulumutsa kambirimbiri akulipatsirabe kwa ophunzira awo.

Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, makamaka pa Windows 10 imene inatuluka pa 29 Julaye 2015, zinthu zinasintha. Sisitimu tsopano imabwera ndi madalaivala a zipangizo zambiri zofala, ndipo ikayatsidwa pa bodi yachilendo imazindikira kuti malo asintha, imatenga mphindi zingapo ikukonza zipangizo, imadzizimitsa ndi kudziyatsa kamodzi kapena kawiri, kenako imafika pa sikirini imene mwiniwake anaizolowera, mafayilo ndi mapulogalamu ake ali m'malo mwake. Zili ngati mbande ya mpunga imene yazulidwa pa nazale n'kuwokeredwa m'munda: imafota masiku oyamba, koma mlimi saizula kuti afese mwatsopano asanaipatse mpata wogwira nthaka. Ndipo pamene bodi yatsopanoyo ili ya mtundu womwewo ndi imene yapsa, monga zimakhalira kawirikawiri pa malaputopu ndi pa makina a m'maofesi amene bodi yake imachotsedwa m'makina ena ofanana, Windows sipeza n'komwe chachilendo chachikulu choti ikonze.

Ngakhale zili choncho, makina ena amakana kuyaka, ndipo apa ndi pamene disiki zambiri zimafomatidwa popanda chifukwa, pakuti vuto silikhala mu Windows koma m'makonzedwe a bodi yatsopanoyo. Bodi iliyonse ili ndi kapulogalamu kakekake kamene kamayamba kugwira ntchito Windows isanadzuke, kamene kale kankatchedwa BIOS ndipo mtundu wake wamakono umatchedwa UEFI. Munthu amalowamo podina batani makina akangoyatsidwa, F2 pa makina a Dell, F10 pa a HP, F1 pa ambiri a Lenovo, ndi Delete pa mabodi ogulidwa paokha. M'menemo muli zinthu ziwiri zimene ziyenera kugwirizana ndi mmene Windows inaikidwira poyamba. Choyamba ndi njira yoyatsira. Disiki imagawidwa m'zigawo motsatira ndondomeko yakale yotchedwa MBR, imene imayendera limodzi ndi BIOS, kapena yatsopano yotchedwa GPT, imene imayendera limodzi ndi UEFI, ndipo disiki ya MBR ikalumikizidwa ku bodi imene yakonzedwa kuyatsa mwa UEFI yokha, makina amanena kuti sakupeza choyatsira ngakhale Windows ili momwemo yamoyo. Mankhwala ake ndi kutsegula njira yakale, imene pa mabodi ambiri imalembedwa kuti Legacy kapena CSM, kapena kusandutsa disikiyo kukhala ya GPT pogwiritsa ntchito chida chotchedwa MBR2GPT, chimene Microsoft inachiika mu Windows 10 kuyambira mu 2017 ndipo chimachita zimenezi popanda kufufuta mafayilo. Chachiwiri ndi njira imene bodi imalankhulira ndi disiki, imene imasankhidwa pakati pa AHCI ndi RAID. Ngati Windows inaikidwa pa njira ina koma bodi yatsopano ili pa inzake, pamabwera sikirini yabuluu yolembedwa kuti INACCESSIBLE BOOT DEVICE, ndipo kusintha liwu limodzi lokhalo m'makonzedwe kumathetsa vutolo pa mphindi zosakwana zisanu. Kumene zimenezi sizikwanira, kuyatsa makina kamodzi m'njira yotchedwa Safe Mode, imene imadzutsa Windows ndi madalaivala ochepa ofunikira okha, nthawi zambiri kumaipatsa mpata wodzikonza.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene timasokonezanso. Bodi yogwirapo kale ntchito imatha kubwera ndi kabatire kake kozungulira ka CR2032 katatha mphamvu, ndipo zikatero makina amaiwala tsiku ndi nthawi, masamba a pa intaneti n'kuyamba kukana kutseguka, munthu n'kumaganiza kuti Windows yawonongeka pamene chofunika ndi kabatire ka ndalama zochepa. Komanso Windows ikapanda kukhala ndi dalaivala wa cholumikizira intaneti cha bodi yatsopano, singathe kukatenga madalaivala ena onse. Apa foni ya Android yolumikizidwa ndi chingwe cha USB imathandiza, chifukwa Windows imatha kulandira intaneti kudzera m'foniyo popanda dalaivala wapadera.

Laisensi ndi loko

Nkhani ya laisensi, chilolezo chogwiritsa ntchito Windows, ndi imene imasokoneza anthu ambiri, chifukwa bodi ikasinthidwa, pakona ya kumanja m'munsi mwa sikirini pamatha kuoneka mawu otuwa opempha kuti Windows itsimikizidwe. Chimachitika n'chakuti Microsoft imazindikira kompyuta makamaka poyang'ana bodi yake, motero bodi ina imaoneka ngati kompyuta ina. Laisensi zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu: imene imabwera ndi makina kuchokera ku fakitale, yotchedwa OEM, imene imamangirizidwa ku makinawo ndipo kuyambira pa Windows 8 kiyi yake imalembedwa m'kati mwa bodi momwemo, ndi imene munthu amagula payekha, imene imaloledwa kusamutsidwira pa makina ena. Kuyambira mu 2016 Windows 10 ili ndi njira yolumikizira laisensi ku akaunti ya Microsoft, kotero kuti munthu amene anachita zimenezi bodi isanapse angathe kuuza sisitimu kuti wasintha zipangizo n'kupempha kuti chilolezo chibwezeretsedwe. Chimene chiyenera kumveka bwino n'chakuti kufomata sikuthetsa vuto la laisensi ngakhale pang'ono, chifukwa Windows yoikidwa mwatsopano idzapezanso bodi yomweyo yachilendo. Komanso Windows yosatsimikizidwa imagwirabe ntchito, imatsegula mafayilo ndi kusindikiza, imangomana munthu zina monga kusintha maonekedwe a sikirini. Palibe chifukwa chothamangira timapulogalamu tachinyengo tothyolera laisensi, timene timaphwanya lamulo la umwini wa ntchito zaluso la mu 2016 ndiponso nthawi zambiri timalowetsa mavairasi m'makina amene anali aukhondo.

Choopsa chenicheni, chimene anthu ochepa amachidziwa chisanawagwere, ndi loko wotchedwa BitLocker. Iyi ndi njira imene Windows imasokonezera zonse zolembedwa pa disiki kuti wakuba amene waichotsa m'makina asathe kuiwerenga, ndipo kiyi yotsegulira imasungidwa m'kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM, kamene kamakhala pa bodi kapena m'kati mwa pulosesa. Bodi ikapsa, kiyiyo imapita nayo limodzi. Pulosesa ikasinthidwa pa makina amene TPM yake ili m'pulosesamo, zotsatira zake n'zomwezo. Disiki ikalumikizidwa ku bodi yatsopano, pamabwera sikirini yabuluu yopempha nambala yopulumutsira ya manambala 48, ogawidwa m'magulu asanu ndi atatu a manambala asanu ndi limodzi, ndipo popanda nambala imeneyi palibe mmisiri, ngakhale kampani ya Microsoft yomwe, amene angatsegule disikiyo. Malaputopu ambiri amakono amadzikhomera loko ameneyu okha munthu akangolowa ndi akaunti ya Microsoft, ndipo mtundu wa Windows 11 wa mu 2024, wotchedwa 24H2, unakulitsa chiwerengero cha makina amene amachita zimenezi. Nambalayo imasungidwa mu akaunti imene inagwiritsidwa ntchito pokonza makinawo koyamba, ndipo apa ndi pamene mavuto a kumudzi amasiyana ndi a m'mabuku: akauntiyo imatha kukhala ya wogulitsa, ya wachibale wa ku Johannesburg amene anatumiza laputopuyo, kapena ya wogwira ntchito amene anasamutsidwa kalekale, ndipo nambala ya foni yolandirira uthenga wotsimikizira imatha kukhala ya simukhadi imene inatayika. Langizo la akatswiri lakuti loko aimitsidwe kaye bodi isanasinthidwe ndi labwino kwa amene wakonzekera kusintha, koma mphenzi siuza munthu tsiku, choncho ku Chitala nambalayo iyenera kulembedwa pa pepala makina akadali amoyo.

Mtengo weniweni wa kufomata

Amene amalangiza kuti Windows iikidwe mwatsopano nthawi zonse amawerengera nthawi ya kuikako yokha, osawerengera zobwera pambuyo pake. Fayilo yoikira Windows 11 imaposa magigabayiti 5 ndipo imafuna flashi ya magigabayiti 8 kapena kuposerapo; ikaikidwa, sisitimu imayamba kukoka zowonjezera zina za magigabayiti angapo, kenako pamafunika Office, pulogalamu yowerengera zikalata za PDF, madalaivala a pulinta ndi zina zambiri. Kwa munthu amene intaneti yake ndi bandulo ya Airtel kapena TNM yogulidwa pa foni, m'dera limene netiweki imasinthasintha mphamvu ndipo magetsi angathime kukoka kuli pakati, imeneyi ndi ndalama yooneka ndiponso masiku a ntchito yoima. Pulinta yakale imene yakhala ikutumikira sukulu kwa zaka khumi imatha kukhala ndi dalaivala amene chimbale chake chinasowa ndipo opanga ake anasiya kumufalitsa. Mapulogalamu olipira owerengera zotsatira za kafukufuku, monga Genstat ndi SPSS, ali ndi laisensi zawozawo zimene zimafuna kutsimikizidwanso, ndipo pulojekiti imene inalipira laisensiyo imatha kukhala itatha kale. Mawu achinsinsi osungidwa m'pulogalamu yotsegulira intaneti, makalata a imelo osungidwa m'makina momwemo, ndi makonzedwe ang'onoang'ono amene munthu anawapanga pang'onopang'ono, zonsezi sizikhala mu foda ya Documents imene mmisiri wachangu amakopera, ngati wakopera n'komwe.

Kulemera kwa nkhaniyi kumaonekera bwino poganizira mtundu wa ntchito imene imachitika pa malo a kafukufuku wa zaulimi. Kuyesa mbewu kumatanthauza kugawa munda m'timagawo tambiri, kulemba tsiku lodzala, tsiku lomera, tsiku lochita maluwa, kuchuluka kwa mbewu zogwidwa ndi matenda monga khate la mtedza, mlingo wa mvula tsiku ndi tsiku, ndipo pomaliza kulemera kwa zokolola za kagawo kalikonse. Mbewu isanavomerezedwe kuti ipite kwa alimi pamafunika umboni wa nyengo zingapo ndi malo angapo, ndipo nyengo imene yadutsa singabwerezedwe, chifukwa mvula ya chaka chimenecho inagwa kamodzi kokha. Fayilo imodzi ya Excel yosunga zoterezi imatha kukhala yaing'ono kuposa chithunzi cha pa foni, koma imaimira thukuta la aganyu, feteleza, mafuta a galimoto ndi chaka chathunthu. N'chimodzimodzi ndi kaundula wa ophunzira ndi zotsatira za mayeso pa sukulu, kapena mndandanda wa ngongole za gulu la alimi. Disiki ikafomatidwa n'kuikidwa Windows pamwamba, mwayi wobweza zofufutidwa umachepa kwambiri chifukwa zatsopano zimalembedwa pamene panali zakale, ndipo pa madisiki amakono opanda mbale yozungulira, otchedwa SSD, mwayiwo umakhala pafupifupi kulibe, popeza disikiyo imayeretsa yokha malo amene yauzidwa kuti sakugwiranso ntchito.

Zonsezi sizitanthauza kuti kuikanso Windows n'kolakwika nthawi zonse. Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, siyenera kukakamizidwa pa bodi yamakono, chifukwa ilibe madalaivala ake, ndipo nthawi zina ngakhale kiyibodi ndi mausi za USB sizigwira. Windows ya mabiti 32, imene singagwiritse ntchito memole (malo osungiramo zinthu kwakanthawi pamene makina akugwira ntchito) yoposa magigabayiti 4, singasandutsidwe ya mabiti 64 popanda kuikidwa mwatsopano, kotero amene wagula bodi ndi memole yambiri ayenera kuyambiranso kuti apindule nazo. Sisitimu imene inali kale yodzaza mavairasi kapena yothyoledwa laisensi sikhala bwino chifukwa cha bodi yatsopano. Makina amene achoka pa pulosesa ya Intel kupita pa ya AMD, kapena kuchoka pa AMD kupita pa Intel, nthawi zambiri amayaka, koma ngati akupitiriza kuuma kapena kuonetsa sikirini yabuluu ngakhale madalaivala akale atachotsedwa ndi atsopano ataikidwa, kuyambiranso kumakhala kwanzeru. Ngakhale pamenepo pali njira yapakati imene amisiri ambiri amailumpha, yoika Windows pamwamba pa inzake makina ali oyaka n'kusankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu, imene imakonzanso m'kati mwa sisitimu popanda kukhudza katundu wa mwiniwake. Malo amodzi amene kufufuta kotheratu kuli kofunika popanda kukambirana ndi pamene makina akusintha mwini, chifukwa zambiri za odwala, ophunzira kapena ogwira ntchito siziyenera kupita ndi disiki kwa mlendo, makamaka tsopano pamene Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024.

Funso lina limene lalowa m'nkhaniyi ndi la kutha kwa Windows 10, imene Microsoft inasiya kuipatsa zotetezera zanthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, imafuna TPM ya mtundu wa 2.0, bodi ya UEFI, memole ya magigabayiti osachepera 4, disiki ya magigabayiti osachepera 64, ndi pulosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu wa Intel kapena Ryzen 2000 ya AMD kupita m'tsogolo. Makina ambiri ogwirapo kale ntchito ndi akale kuposa pamenepo, choncho amene bodi yake yapsa ayenera kuwerengera bwino ngati n'kwanzeru kugula bodi ina ya m'badwo womwewo, kapena kuwonjezera ndalama n'kupeza makina amene angalandire Windows 11, kenako n'kusamutsiramo disiki kapena mafayilo. Kwa makina akale amene akadali olimba pali sisitimu yaulere ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, ndipo mtundu wake wodziwika wa Ubuntu unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Linux imanyamula madalaivala ambiri m'kati mwake ndipo imawasankha nthawi iliyonse ikamayaka, motero disiki yake imasamuka pa bodi ina mosavuta ndipo palibe laisensi yoti itsimikizidwe; vuto lake n'lakuti mapulogalamu ena amene maofesi anazolowera sayenda pa iyo, ndipo wogwiritsa ntchito amafunika nthawi yophunzira.

Dongosolo loyenera, makina akafa, limayamba ndi disiki osati bodi. Disikiyo ichotsedwe, ilumikizidwe ku kompyuta ina kudzera m'kabokosi ka USB kopangidwira ntchito imeneyi, ndipo zonse za mu foda ya mwiniwake, kuphatikizapo zobisika, zikoperedwe pa disiki ina mwini wake akuona ndi kutsegula mafayilo angapo kuti atsimikize kuti kopeyo ndi yamoyo. Mmisiri angathe kuyesa bodi yatsopano ndi disiki yakeyake yoyesera, kotero kuti palibe chifukwa chakuti disiki ya ofesi igone ku shopu. Ngati n'kotheka, disikiyo ingathe kutsala ndi mwiniwake mpaka tsiku lokatenga makina. Pa tsikulo makonzedwe a UEFI ayang'anidwe, disiki ilumikizidwe, Windows ipatsidwe nthawi yake, madalaivala a bodi yatsopano aikidwe kuchokera kwa opanga ake, ndipo makina agwire ntchito zake za masiku onse kwa sabata imodzi kapena ziwiri chigamulo chofomata chisanapangidwe. Zimene sizingachitike makina atafa kale, monga kulemba nambala ya BitLocker, kulumikiza laisensi ku akaunti ya ofesi osati ya munthu, kusunga pa flashi madalaivala a pulinta ndi makiyi a mapulogalamu olipira, ndi kukopera mafayilo pa disiki imene imasungidwa m'nyumba ina yosalumikizidwa ku magetsi, ziyenera kuikidwa pa ndandanda ya ntchito za mu Okutobala, pamodzi ndi kugula chotetezera ku mphamvu ya magetsi yopitirira ndi kuzolowera kuzula mapulagi pakhoma mabingu akayamba kumveka.